Utsi umene ndinajambula ku Ngara

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene boma linasamutsa bambo anga kuchoka ku Dedza kupita ku kachipatala ka ku Ngara, m'boma la Karonga. Masiku amenewo boma likati pita, munthu unkangomanga katundu. M'kalasi tonse tinkayankhula Chichewa poti lamulo linali lotero, koma belu likangolira anzanga ankabwerera ku Chitumbuka chawo, ine n'kutsala ndekha pansi pa mtengo wa mango ngati mbuzi yogula kumene. Dzina langa panalibe wolitchula. Ndinali "Mchewa uja" basi, ndipo zinkandiwawa.

Chaka chimenecho wansembe wina anabwereketsa kamera yake kusukulu kwathu, nati ana a Sitandade 7 tipikisane kujambula utsi. Filimu inali imodzi, choncho aliyense ankadina kamodzi kokha. Ukalakwitsa, kwako kwatha. Anzanga ankayenda m'magulu, kuuzana kumene kuli utsi wabwino. Lusekelo, mtsikana wamtali amene ankakhala patsogolo panga, anajambula khola la bambo ake, mmene amasonkha moto wa ndowe zouma kuti udzudzu usazunze ng'ombe. Ena anajambula azimayi akuwamba nsomba. Ine ndinalibe khola, ndinalibenso wondiperekeza. Koma mumtima ndinkati ndikangopambana, afune asafune, dzina langa alitchula.

Tsiku langa litakwana ndinatsikira kunyanja m'mamawa, kamera ili pakhosi. Kutali pakati pa madzi ndinaona utsi wakuda utaima chilili, wautali kuposa mtengo uliwonse, ukupendekera uku ndi uku. Ndinaganiza kuti bwato likupsa. Asodzi anali pomwepo akusoka maukonde awo, osatekeseka n'komwe, koma sindinawafunse. Ndinkaopa kusekedwa, komanso kunena zoona ndinkafuna utsi umenewo ukhale wanga ndekha. Ndinadina.

Filimu anakaitsuka ku Mzuzu. Zithunzi zitabwera anazimata pabolodi popanda mayina, ndipo woweruza anali a Kachingwe, mphunzitsi wamkulu watsopano wochokera ku Ntcheu. Anawasankha dala chifukwa analibe mbale pakati pathu. Anayenda pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, kusuzumira chithunzi chilichonse, kenako chala chawo chinaima pa changa.

"Chapambana ndi ichi. Utsi pamwamba pa madzi, sindinaonepo. Mwini wake ndani?"

Ndinaimirira, ndikudikira kuti andiombere m'manja. Palibe amene anaomba. Kenako Lusekelo anaimika dzanja.

"Pepani aphunzitsi, uwo si utsi yayi. Ndi nkhungu, tizilombo ta m'nyanja. Ife timadya."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Nkhungu imene ndinkaidziwa ine inali yozizira ija ya kumapiri kwathu. Sindinkadziwa za tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi tambirimbiri, timene mphepo ikatikankhira kumtunda azimayi amatikola ndi malichero n'kutiphika tokulunga m'masamba a nthochi. Ngakhale mwana woyamba kumene kuyenda ku Ngara ankazidziwa zimenezi.

A Kachingwe anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, osamaliza. Kumbuyo wina ananong'ona kuti Mchewa wasankha Mchewa mnzake, mawu amene masiku amenewo akanatha kuika makolo ake m'mavuto. A Kachingwe anachita ngati sanamve. Anamatula chithunzi changa, napereka mphoto kwa Lusekelo, ndipo kuomba m'manja kumene ndinkakulota kuja kunamveka mpaka kumsewu.

A Kachingwe anandipeza ndikulira kuseri kwa kalasi. Anandipatsa chithunzi chija, nakhala pamwala pafupi nane.

"Mwanawe, tonse awiri timamwa madzi a nyanja iyi osafunsa eni ake. Iwe bola ndiwe mwana. Nanga ine ndi imvi zangazi?"

Sindinapeze mnzanga chaka chimenecho, ndipo chotsatiracho bambo anawasamutsanso. Kwa nthawi yaitali ndinkauza anthu kuti a ku Ngara anandikana. Chithunzicho ndikadali nacho, chachita chikasu m'mbali. Ndikachiyang'ana lero sindionanso utsi uja. Ndimaona pakona yakumanzere, pamene panalowa phewa la msodzi wina ndi chidutswa cha ukonde wake. Anali pafupi chotero, woti n'kumukhudza ndi dzanja, ndipo ine sindinamupatse ngakhale moni.