Jekete ya Yusufu

Yusufu, lero pa wailesi amakamba za mayiko achisilamu amene amathandizana kuphunzitsa achinyamata, ndipo ndakumbuka iwe. Tinali m'mbali mwa mtsinje ku Greenwich, m'ma 1980 muja, pamene unandionetsa kalata yokuitana kukaphunzira udokotala ku Egypt. Ndinakuseka kuti Chiarabu chikakuvuta. Iwe sunaseke. Kunali chisanu choopsa, koma unavula jekete yako n'kundiveka, uli, "Tenga, m'bale wanga. Kumene ndikupitako savala zimenezi."

Lachisanu lake unakomoka m'basi ya ku Croydon, osadzukanso. Anakuika m'manda utakulungidwa m'nsalu yoyera yokha, monga mwa chipembedzo chako. Jeketeyo ili m'kabati mpaka pano. Sindinaivalenso, chifukwa masiku ena ndikaigwira imakhala yofunda.