Ndinkayesa Ndikudzikodzera

Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, ndinayamba kunyowetsa chitenje. Ndinkayesa ndikudzikodzera, ine mphunzitsi wathunthu, ndiye ndinkangochapa mobisa.

Kusikelo, anamwino anandiyeza mimba kawiri, nkhope yawo n'kusintha.

"Mayi, pali madzi amene akutuluka?"

Apongozi anga, amene anandiperekeza kuchokera ku Nachisaka, anali ataima pakhomo pomwepo.

"Ayi," ndinanama.

Ananditumiza ku sikani kuti akaunike mwana m'mimbamo. Adokotala anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Madzi amene mwana amakhalamo atsala ochepa kwambiri. Simunaone chilichonse?"

Ndinaulula maso ali pansi.

Anandichita opaleshoni mawa lake. Mwana anachedwa kulira, koma kenako analira. Apongozi atamunyamula, anandifunsa motsitsa mawu: "Inu, mpaka kuopa ine kuposa maliro?"