Mpando wa Atusaye M'ndege Yotchipa

Atusaye ndi namwino wa m'ndege. Kampani yomwe amagwirako ntchito ku Perth imakatenga anthu ovulala kumigodi ya kumpoto pa tindege ta jeti, ta mabwana tija, tochotsamo mipando ina n'kuikamo bedi la wodwala. Ntchitoyi ankaikonda kuposa ya m'mawodi. Lamlungu kutchalitchi ku Mirrabooka ankalowa monyadira, mayi wathupi lake, woti akakhala pabenchi aliyense amadziwa kuti pakhala munthu.

Ndege yawo itakalamba, panabuka mpikisano. Kampani yakale yopanga ndege inatchula mtengo wake, ndiye kakampani kena kongoyamba kumene kanati ife tikupatsani yotchipa. Bwana Harvey, mkulu wa pantchito pa Atusaye, ndi munthu woumira koopsa, ndipo mtima wake unagwera pa yotchipayo. Vuto lake, kandegeko sikanyamula zolemera. Basi mu ofesi munabwera sikelo, anamwino n'kuuzidwa mwaulemu wachizungu uja, womwetulira uku akukubaya, kuti woposa mlingo azidzatsala pansi.

Atusaye anapsa mtima, koma mpando wake wa m'ndegewo ankaufuna. Anasiya mandasi, anasiya tchipisi, n'kuyamba kuyenda wapansi m'mbali mwa msewu ngati wasowa ya basi. Kumaphwando a Amalawi ankakana mpunga wa nkhuku, azimayi n'kumakodolana kuti nesi wa m'ndege wayamba matama. Amayi ake ku Karonga atamuona pafoni anagwetsa misozi, ati mwana wanga ukubisa matenda anji. Abale inu, munthu kuwonda chifukwa cha malonda a eni ake!

Miyezi inapita makampani aja akugwetserana mitengo. Akale akatsitsa, Atusaye ankaona ngati za sikelo zatha n'kukagula nyama yoti aotche. Atsopano akatsitsanso, nyama ija inkabwerera mufiriji. Mwamuna wake anatopa nazo, anayamba kumadyera kwa anzake ku Welshpool asanafike pakhomo.

Pomaliza atsopanowo anapambana. Tsiku loyeza, Atusaye anakwera pasikelo yunifolomu ikumukhwepa, mlingo n'kukwana bwinobwino. Bwana Harvey anamuyamikira kwambiri, kenaka anayamba kukanda m'mutu. Anafotokoza kuti pofuna kutsitsa mtengo chonchija, opanga ndegewo anachotsamo mpando wachiwiri wa namwino. Watsala umodzi, ndipo ndi wa Debbie, mnzake amene anayamba ntchito kale kuposa iye.

Atusaye anatsika pasikelo pang'onopang'ono.

"Munadziwa liti zimenezi, bwana?"

"Papita nthawi ndithu," anayankha Bwana Harvey akuyang'ana kumbali. "Koma ndinaona kuti mukuchita bwino kwambiri, ndiye sindinafune kukufooketsani."