Holide ya Zaka Zitatu

Mbiri ya Chigwa cha Shire ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzakhala patsamba loyamba: munthu amene anamasula chilankhulo ku ukapolo wa ulemu. Ntchito yaikuluyi ndinaigwira sabata imodzi ndi theka, ndili pa njinga ya kabaza yopanda mabuleki akumbuyo.

Kukoleji ndinakhalako chaka ndi theka, mpaka akuluakulu akumeneko anaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi. Anandilembera kalata yaulemu zedi, yondithokoza, yondifunira zabwino zonse. Tanthauzo lake linali liwu limodzi: choka. Amayi, amene anagulitsa mbuzi zinayi zomwe zinapulumuka madzi osefukira ku Makhanga kuti ine ndikaphunzire, anamvetsera ndikuwawerengera kalatayo, kenako anati, "Basi, ukupuma kaye."

Ndinapuma kaye zaka zitatu. Aliyense wofunsa, kaya kutchalitchi kaya kumsika wa ku Nsanje kumene amayi amagulitsa nsomba zouma, ankamva yankho lomwelo: mwana ali pa holide. Ana amene anabadwa holide yanga itayamba anali atayamba kale kutumidwa mchere.

Tsiku lina, dzuwa la Okutobala litaphika kaubongo kamene kanatsalako, ndinatulukira chiphunzitso: mawu aulemu ndi bodza lovala suti. Munthu satisiya, amafa. Mtsikana sakhala woyembekezera, ali ndi mimba, akuyembekezera ndani, minibasi? Wonenepa si wathanzi, ndi katundu wophwetsa tayala. Anzanga a kabaza pasiteji ankawomba m'manja. Iwo eni sankanena zimenezi kwa makasitomala, koma ankandilimbikitsa ndi mtima wonse.

Lachinayi panjinga yanga panakwera mayi wina, mnzawo wa amayi wa kukwaya, wopita kumsika. Tikulowa kumene kumabenchi a nsomba, anafunsa ali kumbuyo kwanga.

"A koleji, holide yanuyi itha liti?"

Mneneri sanong'ona. Ndinakweza mawu.

"Kulibe holide, mayi! Anandipirikitsa ngati galu wakuba! Mutu uwu ndi dzungu lowola. Mbuzi zinayi zija zinapita ulele."

Mayiyo anatsika njinga isanaime bwino, n'kumapita osalipira. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti taima pabenchi la amayi. Sanandiyang'ane. Ankangokonza milu ya nsomba imene inali yokonzedwa kale.

Lamlungu amayi sanapite kutchalitchi. Awa ndi munthu amene chaka cha madzi anapita kukaimba kwaya pa bwato. Anakhala pakhonde, nsalu ya kwaya ili chipindire pamphasa. Ndinapita kukawatonthoza ndi maphunziro anga.

"Amayi, ndinangonena zoona. Anthu adziwe."

"Adziwe?" Anandiyang'ana ngati nsomba yowola. "Iwe, ukuyesa alipo amene sadziwa? Ndi ng'ona za mu Shire zomwe zikudziwa kuti unalephera. Mawu a holide aja sanali ako. Inali nsalu yanga. Anzanga amandigwirira uku ndi uku kuti ndiziyenda pa anthu, iwe n'kubwera kudzandivula pamsika."

Kenako anasintha giya n'kulowa m'Chisena, chimene amasungira nkhani zikuluzikulu. Anandifotokoza kuyambira kuliwombo mpaka kuchidendene, osabwereza liwu. Ndinali thumba la madeya onyowa. Ndinali mwanapiye amene ngakhale kabawi atamutola amamubweza. Zina sindingalembe, pepala lingapse. Anati mbuzi zija zikanapita kukoleji m'malo mwanga, bwenzi imodzi itabwerako ndi satifiketi. Ndinaimirira chilili, ndikuphunzira. Ntchito imene ndinkati ndaiyambitsa ine, amayi anali ndi digiri yake kalekale. Zaka zitatu zonsezo ankangoisunga m'kamwa chifukwa cha ine.

Lolemba m'mawa ndinakaima pakhomo pa mayi wa kukwaya uja, ndinawagwadira, n'kuwapempha ndiwaperekeze kumsika ulele. Anakwera. Titafika pabenchi lomwe lija ndinakwezanso mawu, mneneri yemwe uja, uthenga wina.

"Mayi, zija ndinanena Lachinayi linali dzuwa. Ndikupuma kaye."

"Pyadidi, mwananga," anavomera m'Chisena akutsika. "Pumani bwino. Sukulu sithawa."

Amayi a nsomba onse anavomereza kuti zoonadi, sukulu sithawa, dzuwa la chaka chino ndi loipa. Panalibe woseka ngakhale mmodzi. Anainyamula nsalu ija pamene ndinaigwetsa, n'kuigwiranso uku ndi uku, ine ndikuona.

Amayi anga sanadzutse mutu. "Choka apa, ukutchinga makasitomala," anatero. Lamlungu lotsatira ndinawamva akuimba kutchalitchi ine ndili pasiteji ya kabaza, mawu awo ali pamwamba pa onse.

Holide ikupitirira, ndipo anthu amandifunsabe mwaulemu. Ndimayankha mwaulemu. Nkhondo yonse yomasula chilankhulo inandidyera maulendo awiri a kabaza: K800.