Denga Lonyezimira la Sitolo ya Nsalu

Ntchito yosoka ndinayamba chaka chimene ndinakwatiwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, m'sitolo ina ya nsalu ku Chipata. Inali nyumba yakale, yaitali ndithu. Kutsogolo ankagulitsako zitenje ndi mabulangete, kumbuyo ndiye kunali ife matelala ndi makina athu opalasa ndi mapazi. Mwini wake anali Mmwenye wachikulire wobadwira m'tauni momwemo, amene Chinyanja chake chinali chakumudzi kuposa cha ena a ife. Ine ndinkayenda wapansi m'mawa uliwonse kuchokera ku Kapata, kumene tinkakhala ndi amuna anga.

Pamwamba pathu panali siling'i ya mabolodi opaka laimu, ndipo sindikumbuka kuti ndinaiyang'anapo kawiri. Kwa ine denga linkathera pamenepo. Koma chiswe chinkaidya mwakachetechete, mpaka m'mawa wina tinapeza bolodi litagwera pa mulu wa mabulangete, dothi lofiira lili mbwee ponseponse. Abwana anakweza maso, napukusa mutu, nanena kuti siling'i yonse ichotsedwe sabata isanathe.

Lolemba lotsatira ndinafika ndi kambale kanga ka chakudya m'manja, ndipo ndinangoima pakhomo. Ndinkayesa ndasochera.

Sitolo ija inali itatalika kawiri. Pamene panali mabolodi panali mitanda yofiirira moderapo, iliyonse yonenepa ngati thunthu la munthu wamkulu, yochokera khoma ili kukagwira khoma lija popanda nsanamira ndi imodzi yomwe pakati. Pamwamba pa mitandayo panakwera mapaso okakumana kunsonga, ndi ena opingasa owagwiriziza, onse omangidwa ndi mabawuti aakulu ngati chibakera. Zinandandalika choncho mpaka kumapeto kwa nyumba, ngati nthiti za ng'ombe yaikulu imene yatimeza tonse. Dzuwa linkalowera m'timabowo ta misomali yakale, fumbi n'kumavina m'timizere ta kuwalako. Miyezi yonse ija ndinkasoka pansi pa zimenezi osadziwa.

"Lowani, mama, sizikugwerani," anatero abwana akuseka. "Umenewu ndi mlombwa. Chiswe chinalawa n'kulavula."

"Anaikweza bwanji kumwambako?" ndinafunsa.

"Sindidziwa. Bambo anga anaipeza ili choncho, tauni ino ikadali Fort Jameson. Ankati anthu anaicheka ndi manja padzenje, wina pamwamba wina pansi."

Zinkaonekadi. Pamtanda umene unali pamwamba pa makina anga panali mizere ya sowo yosafanana, ina yakuya ina yosaya, ndipo ndinkati ndikaiyang'ana ndinkaona pamene wochekayo anatopa ndi pamene anapezanso mphamvu. Tsiku limenelo ndinasoka kolala ya yunifolomu mozondoka, ndipo amayi aakulu, mayi wamasiye amene ankatiyang'anira pantchito, anandiuza kuti maso ndiwabweze pansi.

Chisangalalo chathu sichinakhalitse, pakuti Okutobala anafika. Popanda siling'i, malata ankatiwotcha ngati chiwaya. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro chitsulo cha makina chinkatentha m'manja, thukuta linkadonthera pansalu za eni ake, ndipo malatawo ankalira thethethe ngati akung'ambika. Ogula ankalowa, n'kufunsa mtengo, n'kuthawira pakhonde. Ine ndinali ndi pakati poyamba. Masana ena ndinaimirira kuti ndikatenge ulusi, ndipo ndinangoona mdima.

Nditatsitsimuka ndinapezeka ndili chagada pathebulo lodulirapo nsalu, amayi aakulu akundipepesera mphepo ndi katoni. Ndinawamva akulankhula ndi abwana, mawu awo osakwera koma osagwedezeka.

"Bwana, mwanayu sali yekha. Mukafuna tisoke, tiphimbireni moto uwu."

Abwana anaika dzanja pathebulo, naliika pakhoma kuti amve kutenthako, kenako anatuluka. Patapita masiku, lole yochokera ku Lusaka inatsitsa mipukutu iwiri ya mitundu yosiyana. Ina inali ya pepala lolimba lonyezimira ngati lija lokutira ndudu m'paketi. Ina inali ya chinthu chachikasu chofutukuka, chooneka ngati thonje. Ine wobadwira m'banja lolima thonje ku Kasenengwa ndinatambasula dzanja kuti ndichikhudze, koma mmisiri wina anandiletsa msanga.

"Ayi, asisi, musayerekeze! Ndi ulusi wa galasi umenewo. Umayabwa kuposa chitedze."

Sitolo sinatsekedwe. Tinaphimba katundu ndi matenti, ndipo amisiri ankazula malata chigawochigawo, ife tikusuntha makina kuwathawa. Sindidzaiwala m'mawa umene anazula chigawo choyamba. Thambo linalowa m'sitolo, lobiriwira bii kuseri kwa mitanda yakuda ija, ndipo namzeze anadutsa pamwamba pa mashelefu a zitenje ngati akudutsa padambo. Amuna aja ankayenda pamapaso opanda nsapato, akuponyerana hamala ndi nthabwala, ife pansi mitima ili m'mwamba. Kenako anafunyulula pepala lonyezimira lija kuchokera kunsonga kutsikira kukhoma, naliyala nkhope yake itayang'ana pansi, nayala chachikasu chija pamwamba pake, nabwezera malata.

Atamaliza, abwana anayenda kuchokera kukhomo mpaka kumbuyo manja ali kumsana, khosi lili chagada. Atafika kwa ife anati siling'i sabwezeranso. "Zinthu zotere n'kuzibisanso? Zabisika mokwanira."

Tinachotsa matenti, tinapachikanso zitenje pazingwe zake, ndipo mitundu yonse inakwera kudenga. Zofiira, zachikasu, zobiriwira, zonse zinkasambira m'pepala lija pakati pa mitanda, zosaoneka bwinobwino, ngati mmene chitenje chimaonekera ukachiviika mumtsinje. Munthu akalowa pakhomo, chithunzi chake chinkayenda kumwambako chozondoka. Ndipo kutentha kuja kunatha. Sindikunena kuti munazizira ngati mwezi wa Juni, ayi, koma mutu sunkawawanso, ndipo masana tinkatha kuyimba tikusoka. Chimene chinkandizunguza n'chakuti pepalalo linali lopyapyala kuposa nsalu ya malaya. Ndinkadziwa kuti kuseri kwake dzuwa likuwotcha malata monga kale, koma ukali wake sunkatifika. Anthu ena ankabwera osafuna kugula kanthu, kungoima pakati pa sitolo kukamwa kuli yasa.

Mu Novembala amayi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzandiona, atamva za kukomoka kuja. Anatsika basi n'kulunjika kuntchito kwanga, nsawawa zili pamutu. Atalowa anatula mtolo wawo, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali, ndipo atayamba kulankhula ankanong'ona ngati ali m'tchalitchi nthawi ya Misa.

"Iwe, mitengo iyi inamera kuti? Kwathu yotere inatha ine ndili mtsikana."

Ndinawapatsa mpando pafupi ndi makina anga. Tinkacheza za kumunda, za mbewu imene anasunga, za mlongo wanga amene ankafuna kukwatira. Kunja kunada, mphepo inabweretsa fungo la dothi, koma ife tinapitiriza kucheza. Kudenga kunkamveka kaphokoso kofewa, ngati munthu akupeta mapira kuseri kwa nyumba.

Mwadzidzidzi amayi anadukiza nkhani. "Kodi chikuwayawaya n'chiyani?"

"Ndi mvula, amayi."

"Mvula iti? Mvula pamalata anthu n'kumamvana?"

Sanandikhulupirire. Kusukulu ya kumudzi kwathu mvula ikagwa aphunzitsi ankangoika choko pansi, ndipo kutchalitchi ansembe ankadikira ipite kaye kuti apitirize ulaliki. Amayi anadzuka napita kukhomo, ine pambuyo pawo. Pakhonde, pamene malata anali osaphimba, panali chiphokoso chogonthetsa m'khutu. Madzi ankathamanga mumsewu ofiira ngati thobwa, amalonda akuthawitsa katundu wawo, ana akuvina m'matope. Inali mvula yoyamba, ija yodzala nayo chimanga.

Amayi anabwerera m'kati phazi limodzi, namvetsera. Anatulukanso pakhonde, namvetsera. Anachita zimenezi kangapo, mayi wa imvi zake, ogula akuwayang'ana, mpaka anayamba kuseka okha misozi ili m'maso. Kenako anatambasula manja kunja kwa khonde, natunga madzi a mvulayo, nasamba kumaso.

"Mawa ndikwera basi yoyamba," anandikuwira m'khutu. "Atate ako sangadzale okha munda wonse uja."