Matabuleti Osungira Alendo

Inu amene mukuti moyo wakukanani, imvani za Zelesi, mwana wa mchimwene wanga. Ine sukulu ndinaithawa ndili sitandade 3, inkandiyabwa, koma maso ndili nawo.

Zelesi analephera mayeso a Fomu 4 kawiri, ndipo zomugwetsa zinali sayansi ndi masamu. Kusukulu kwawo, makina oonera tizilombo ankangowaona atajambulidwa ndi choko pabolodi. Anayamba kugulitsa kachewere wa m'ndowa pamsewu ku Mlangeni, atafunda chitenje kumutu kuti anzake odutsa pa minibasi asamuzindikire. Ine ndinkamuseka kuti watenga digiri ya ndowa. Iye akulira, ine ndikumudyera kachewere.

Kenako anagula foni yakale, galasi lake long'aluka ngati chidendene changa. Ogula akasowa, ankaonera pafonipo aphunzitsi akusova masamu ndi kusakaniza mankhwala, n'kumabwereza mpaka zitalowa m'mutu. Ulendo wachitatu anakhoza. Anapita kukoleji, nabwerako ali mphunzitsi, ndipo anamutumiza kusekondale ina cha ku Champiti.

Kumeneko anapeza matabuleti makumi awiri, mphatso ya bungwe lina, atatsekeredwa m'bokosi lachitsulo, akadali m'mapulasitiki. Ahedi, bambo Yoramu, si munthu woipa ayi. Ndi mwana wa mtchona wa ku Joni ngati ine ndemwe, ndipo kwathu kuno chinthu chokongola timasungira alendo. Bambo anga anabwera ndi wailesi kuchokera kumigodi, inakhala yofunditsidwa nsalu mpaka inafa isanatiimbirepo.

Zelesi anachonderera teremu yathunthu. Pomaliza ahedi anatulutsa khumi, enawo n'kukhomanso.

"Koma ikangosweka imodzi, amadamu, onse abwerera m'bokosi."

Ana anaona mtima wa munthu ukugunda pagalasi. Anajambula masamba a kachewere odwala chiwawu n'kuwakulitsa mpaka matendawo kuonekera. Masamu amene ankawathawa anayamba kuwalimbirana. Zinayenda choncho zaka ziwiri, kufikira tsiku limene Nomsa, mtsikana wa Fomu 3, anagwetsa imodzi pasimenti. Galasi ng'alu!

Ahedi anaitanitsa msonkhano wa makolo. Ine sanandiitane, n'chifukwa chake ndinakhala kutsogolo.

Zelesi anaimirira, natulutsa kafoni kake kaja. "Ahedi, mphunzitsi wanga ine ndi uyu. Anali wosweka kale pamene ankandiphunzitsa."

Nomsa anayatsa tabuleti yong'alukayo. Anaonetsa makolo mmene anayezera munda wa mayi ake n'kupeza kuti ankathira feteleza wopitirira muyeso. Azibambo ena anayamba kufunsana kuti yawo adzawayezera liti.

Koma ahedi anati pangano ndi pangano. Ananyamulitsa bokosi lija kuti tonse tione mmene katundu amasamalidwira. Anatsegula, nasenda pulasitiki, nadina. Zii. Anatenga ina. Zii. Khumi onsewo chinyezi chinali chitawalowa, mabatire atatupa ngati mandasi a soda wambiri. Yong'aluka ija inali ikuwalabe m'manja mwa Nomsa.

Apo ine pakamwa panandiyabwa.

"Pepani ahedi, alendo aja achedwa. Ndiwo zasasa."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pabenchi. Kenako ahedi nawonso anaseka. Anamasula kiyi palamba wawo, namupatsa Zelesi ndi manja awiri.

Lero m'bokosimo mumakhala choko. Nomsa anasankhidwa kukaphunzira za uinjiniya, ndipo ine ndimauza aliyense pa minibasi kuti amene anamuphunzitsa ndi mwana wa m'nyumba mwathu, uja wa digiri ya ndowa. Ngakhale osandifunsa ndimawauza.

Ndiye inu, kaya mwagwa kawiri, kaya moyo wakung'alulani ngati galasi lija, musadzitsekere m'bokosi kudikira tsiku labwino. Chong'aluka chikamagwira ntchito chimawala, chosungidwa chimavunda. Osataya mtima, tsegulani bokosilo.