Tsiku limene ndege inakana kutera

Ndili sitandade 7, mvula inakokolola mlatho wa pamsewu wathu wopita ku boma. Sabata yomweyo matenda a amayi anayamba, pakuti anali oyembekezera. Anamwino a pachipatala chathu chaching'ono, kufupi ndi Sharpevale, anati mwana wagona mopingasa, pakufunika opaleshoni. Analankhula pa wailesi ya chipatala kupempha kandege ka amishoni.

Kuseri kwa sukulu kunali bwalo lakale limene pankatera ndege zopopera thonje. Woyendetsa ndegeyo anali asanaterepo pabwaloli. Anatumiza mawu akuti pabwalopo pasapezeke munthu kapena ng'ombe, ndipo pambali pake tisonkhe moto wa masamba aawisi.

Koma masiku amenewo mlendo wolemekezeka sankalandiridwa wamba. A tcheyamani a chipani a m'dera lathu atangomva zoti kukubwera ndege, anamema anthu. Anandanditsa miyala yopaka laimu, naimika chipata cha mitengo ya nthochi kumapeto kwa bwalo, amayi oimba nyimbo n'kuima pakati penipeni. Ataona abambo anga akukoleza moto, anapita pomwepo.

"Achimwene, mlendo wa ndege timulandire ndi utsi? Ndi njuchi kodi? Zimitsani."

Abambo anazimitsa. A tcheyamani sankayankhidwa.

Ine ndinali patsinde pa mango, ndikukupiza amayi ndi chitenje. Anali gone pamachira, milomo itauma, ndipo anali atasiya kubuula. Zimenezo n'zomwe zinkandiopsa kwambiri.

Ndege inatulukira cha kumapiri. Inazungulira, kenako inatsika n'kudutsa m'mbali mwa bwalo chapansipansi, moti ndinaona mutu wa woyendetsayo utapendekeka, akuyang'ana pansi. Inakweranso.

"Akuchita manyazi ameneyo," anatero a tcheyamani. "Amayi, kwezani nyimbo!"

Nyimbo inakwera, nthungululu zili wiriwiri. Ndege inadutsanso, osatera. Pamenepo ndinamuda woyendetsa ndegeyo. Ndinkaganiza kuti akusewera, amayi anga akufa.

Abambo anayang'ana amayi, nayang'ana kumwamba. Kenako anathamanga, nakankha chipata cha nthochi chija mpaka chinagwa. Nyimbo inadukira pakati. Anamwino anayamba kukalipira anthu kuti achoke ndi miyala yawo, ndipo abambo anakolezanso moto uja. Utsi utayamba kupendekera chakumpoto, ndege inakhota, inabwera moyang'anana ndi mphepo, n'kutera bwinobwino.

Amene anatsika anali bambo wamfupi, wolankhula Chichewa cha ku Dedza. Anapereka moni kwa a tcheyamani ndi manja awiri.

"Nyimbo ndaiona, bwana, koma mphepo sindimaiona. Utsi ndiwo umandiuza komwe ikuchokera. Ndipo nthochi zanu zija ndikanapita nazo ku Blantyre."

Anthu anaseka, a tcheyamaninso anaseka, ndipo nkhani ya chipata inathera pomwepo. Ndinazindikira nditakula kuti nthabwala imeneyi inapulumutsa abambo anga.

Amayi akuwakweza m'ndege, woyendetsayo anayenda bwalo lonse wapansi, akudinda nthaka ndi chidendene. Anafunsa abusa a ng'ombe pomwe pamadikha madzi, nazika kamtengo pamalo pofewa. Abambo anamutsatira, mtima uli m'mwamba.

"Bwana, nthawi ikutha."

"Ndikudziwa, bambo. Koma bwalo losalidziwa umayamba waliona uli m'mwamba, kenako umalipondaponda, n'kufunsa eni ake. Tikatitimira m'matope apa, mayiwa safika."

Anawauzanso kuti iwo sakwera nawo. Nthaka inali yofewa, ndege inkafunika kupepuka, choncho anatenga amayi ndi anamwino okha. Abambo sanatsutse. Anangovula jekete yawo n'kufunditsa amayi kumapazi.

Asanatseke chitseko, woyendetsa uja anandiona nditaima ndi chitenje chija m'manja. Ine ndinali mwana wosatha kuyang'ana munthu wamkulu kumaso.

"Ndi amayi ako?"

Ndinagwedeza mutu.

"Ndakuchedwetsera dala, mwanawe. Usandikwiyire. Tsopano thandiza abambo, utsi usazime mpaka nditanyamuka."

Ndinathothola masamba a mango mpaka zala kuwawa. Ndege inathamanga, inalambalala kamtengo kaja, inadzuka pang'onopang'ono. Ndinapitiriza kuponya masamba pamoto ngakhale itazimiririka, mpaka abambo anandigwira dzanja.

Mawa lake uthenga unafika pa wailesi ya chipatala woti amayi ndi mwana onse ali moyo. Mlatho ataukonza, amayi anabwera pa lole, atanyamula mng'ono wanga wamkazi, atamukulunga m'jekete ya abambo. Woyendetsa ndege uja sindinamuonenso, ndipo zikomo yemwe ndinalephera kunena tsiku lija ndikadali naye.